ZOLEMBA ZA KU CIPATALA ZILI NDI NCHITO INANSO

Munthu aliyense amene anapitako ku cipatala kapena ku kiliniki adziwa kuti asanalandire mankhwala amayamba wafunsidwa mafunso. Dzina ndani, zaka zingati, mudzi uti, nyakwawa ndani, cabvuta nciani. Nesi kapena kalaliki amalemba mayankho pa khadi ndi m'buku lalikulu, ndipo m'zipatala zina amawalowetsa mu kompyuta. Ku sikelo amalemba kulemera kwa mwana ndi katemera amene walandira. Kwa azamba amalemba tsiku limene mai wacira, kulemera kwa khanda ndiponso ngati panali bvuto lililonse.

Odwala ambiri amaona kulembaku ngati kocedwetsa mzere cabe. Ena amaganiza kuti buku likadzala nchito yake yatha, cotsala ndi kudyedwa ndi ciswe m'kabati. Koma zolembazi zili ndi nchito yaciwiri imene anthu ambiri saidziwa. Akatswiri ofufuza za umoyo amazitenga, kuziphatikiza ndi za zipatala zina, ndi kuzifunsa mafunso amene wolembayo sanawaganizire pa tsiku limene anali kulemba. Mayankho ake ndiwo amathandiza Boma kudziwa kumene kufunika kiliniki yatsopano, matenda amene akupha anthu kwambiri, ndi mankhwala amene akugwiradi nchito.

KAFUKUFUKU WOSAFUNA ULENDO

Pali njira ziwiri zofufuzira nkhani za umoyo. Yoyamba ndi yakuti ofufuza anyamuke, apite m'midzi ndi m'makomboni, afunse anthu ndi kuwapima. Njira imeneyi imafuna magalimoto, mafuta, malipiro a anchito ndiponso miyezi yambiri. Yaciwiri ndi yakuti ofufuza atenge zimene zinalembedwa kale ndi anthu ena, pa zifukwa zina, ndi kuzipendanso. Njira yaciwiriyi njochipa, njofulumira, ndipo imalola munthu mmodzi wokhala ndi kompyuta kuona za anthu zikwizikwi popanda kubvutitsa wodwala aliyense ndi mafunso kapena nyeleti.

Muno m'Zambia zolemba zotere zilipo zambiri. Kumapeto kwa mwezi uliwonse kiliniki imawerengera odwala malungo, cifuwa cacikulu, kutsegula m'mimba ndi matenda ena, nitumiza ciwerengero ku ofesi ya za umoyo ya pa boma. Kucoka apo cimapita ku cigawo, kenaka ku likulu la Unduna wa za Umoyo ku Lusaka. Dongosolo limeneli linakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1990 pa nthawi imene Boma linali kukonzanso kayendetsedwe ka zipatala, ndipo pambuyo pake ziwerengerozo zinayamba kusungidwa mu pulogalamu ya kompyuta yochedwa DHIS2, yopangidwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway. Palinso SmartCare, imene imasunga mbiri ya wodwala mmodzimmodzi, ndipo ambiri amene amalandira ma ARV amaidziwa bwino.

MNDANDANDA WA AKUFA KU LONDON

Nzeru yofunsa mabuku akale mafunso atsopano si ya lero ai. Mu 1854 matenda a kolera anabuka m'dera la Soho mumzinda wa London ndipo anapha anthu oposa 600. Pa nthawiyo madotolo ambiri anali kukhulupirira kuti kolera imafala ndi mpweya wonunkha. Dotolo wina dzina lake John Snow anali kukaikira madzi. Iye anapita ku ofesi yolembetsera imfa napempha maina ndi malo okhala a anthu amene anamwalira m'masiku oyamba a mliriwo. Ofesiyo inali kulemba imfa monga mwa lamulo.

Snow atayang'ana kumene akufawo anali kukhala, anaona kuti ambiri anali pafupi ndi mpope umodzi wa madzi wa mumseu wa Broad Street. Anayenderanso mabanja ena nafunsa kumene anali kutunga madzi. Akuluakulu a deralo atamva zimene anapeza, anacotsa cigwiriro ca mpopewo kuti anthu aleke kutungapo. Mliri unali utayamba kale kucepa, komabe nchito ya Snow inathandiza dziko kuzindikira kuti kolera imayenda ndi madzi oipa. Mpaka lero, kolera ikabuka, a za umoyo amayamba ndi kuyang'ana m'mabuku kuti odwala akucokera m'komboni iti ndiponso akutunga madzi pa citsime citi.

MTUNDA NDI UCEMBERE

Cuma cina cacikulu ca ofufuza muno ndi kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey, amene amacitidwa ndi ofesi ya Boma yoona za ziwerengero mogwirizana ndi Unduna wa za Umoyo. Woyamba unacitika mu 1992, ndipo ena anatsatira mu 1996, 2001 mpaka 2002, 2007, 2013 mpaka 2014, 2018 ndi 2024. Anchito amayendera makomo osankhidwa m'zigawo zonse ndi kufunsa amai ndi abambo za ana amene anabereka, ana amene anamwalira, kulera, katemera, maneti a udzudzu ndi zina zotero. Mu 2018 anafunsa amai oposa 13,000 ndi abambo oposa 12,000.

Popeza mafunso ake amafanana caka ndi caka, nkotheka kuyerekeza. Mu 1996 kafukufukuyu anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 197 anali kumwalira asanakwanitse zaka zisanu. Mu 2007 ciwerengero cinali 119, ndipo mu 2018 cinatsika kufika pa 61. Lipoti likatuluka, mayankho a anthu satayidwa. Amasungidwa maina atacotsedwa, kuti ofufuza ena adzawagwiritsenso nchito.

Citsanzo cabwino ndi nchito ya Dr Sabine Gabrysch ndi anzake a pa London School of Hygiene and Tropical Medicine, imene inafalitsidwa mu 2011. Iwo anafuna kudziwa cifukwa cake amai ambiri a kumidzi anali kucirira kunyumba. Sanayende mudzi ndi mudzi. Anatenga mayankho a kafukufuku wa 2007, amene anasonyeza madera kumene amai anali kukhala ndi kumene anacirira. Anatenganso kalembera wa zipatala amene Unduna wa za Umoyo unacita mu 2005, wosonyeza pamene cipatala ciliconse cili ndi zida ndi anchito amene cinali nao. Kenaka anaika ziwirizi pa mapu amodzi ndi kuyeza mitunda.

Anapeza kuti pa ana atatu alionse obadwa kumidzi, mmodzi cabe ndiye anabadwira ku cipatala. Theka la ana a kumidzi linabadwa kwa amai okhala mtunda woposa makilomita 25 kucoka ku cipatala cotha kuthandiza mai akapeza bvuto ladzidzidzi pobereka. Mtunda wopita ku cipatala capafupi ukawirikiza kawiri, mwai wakuti mai akacirire kumeneko unali kutsika ndi magawo 29 mwa 100. Anaonanso kuti kumene cipatala cinali ndi zida ndi anchito okwanira, amai anali kupitako kwambiri. Izi zinasonyeza kuti kudzudzula amai ndi apongozi ao kuti amakonda miyambo sikukwanira. Mtunda ndi ubwino wa cipatala ndizo zinali kulamulira kwambiri, ndipo zimenezi Boma lingazikonze pomanga makiliniki, kutumiza azamba ndi kumanga nyumba zoyembekezeramo amai apakati.

ZIMENE MAFAELO A MA ARV ANAONETSA

Mu April 2004 makiliniki a Boma mumzinda wa Lusaka anayamba kupereka ma ARV kwaulere mothandizidwa ndi bungwe la CIDRZ. Pa nthawiyo akatswiri ena a maiko akunja anali kukaika ngati mankhwala otere angaperekedwe bwino m'makiliniki ang'onoang'ono kumene madotolo ngosowa ndipo nchito yaikulu imagwiridwa ndi manesi ndi ma clinical officer. Yankho linacokera m'mafaelo a odwala, amene anali kulowetsedwa mu kompyuta tsiku ndi tsiku.

Mu 2006 Dr Jeffrey Stringer ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atapenda mafaelo a akulu oposa 16,000 amene anayamba mankhwala pakati pa April 2004 ndi November 2005. Anapeza kuti odwala amene anapyola miyezi itatu yoyamba anali kucita bwino kwambiri. Koma mwa amene anamwalira, pafupifupi 7 mwa 10 alionse anamwalira m'masiku 90 oyamba. Ambiri a iwo anafika ku kiliniki matenda atakula, thupi litaonda, magazi atacepa ndipo citetezo ca m'thupi citatsikiratu. Nesi wa pa kiliniki imodzi akanatha kuona kuti odwala ena akumwalira msanga, koma sakanadziwa ngati ndi tsoka la pamalo pake pokha. Mafaelo a makiliniki onse ataikidwa pamodzi, phunziro linaonekera poyera: mankhwala akugwira nchito, cimene cikupha ndi kucedwa kukapimitsa.

BUKU LIMANENA ZIMENE LINAUZIDWA

Ngakhale zili tero, zolemba za ku cipatala zili ndi cilema cimodzi cacikulu. Zimadziwa za munthu pokhapo iye akabwera. Akaleka kubwera, buku limangoti wasowa. Silidziwa ngati wasamukira kwina, ngati waleka mankhwala, kapena ngati anaikidwa kale m'manda.

Ofufuza a CIDRZ, pakati pao Dr Charles Holmes ndi Dr Izukanji Sikazwe, anafuna kudziwa kukula kwa bvutoli. Anayang'ana mafaelo a akulu oposa 165,000 amene anali pa ma ARV pakati pa August 2013 ndi July 2015 m'zigawo zinai: Lusaka, Kum'mwera, Kumadzulo ndi Kum'mawa. Mafaelo anasonyeza kuti anthu 17 mwa 100 alionse anali atasowa. Anasonyezanso kuti amene anamwalira m'zaka ziwiri sanakwane awiri mwa 100 alionse, cimene cinali cokondweretsa kumva.

Ofufuzawo sanakhutire. Anasankha mwa maere ena mwa osowawo ndi kutuma anthu ophunzitsidwa bwino kukawalondola, poimba foni ndi poyenda m'makomboni ndi m'midzi, mosamala kuti asaulule matenda a munthu kwa anansi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ena anapezeka ali bwino, akulandira mankhwala ku kiliniki ina kumene anapita popanda kalata yosamukira. Ena anali ataleka mankhwala. Koma ena ambiri anali atamwalira, ndipo kiliniki sinauzidwe. Zimene anapezazi ataziphatikiza ndi za m'mafaelo, ciwerengero ca imfa m'zaka ziwiri cinakwera kufika pa anthu 7 mwa 100 alionse, kuposa katatu cimene mabuku anali kunena. Zotsatirazi zinafalitsidwa mu 2018.

Palibe amene ananama. Manesi analemba zimene anaona. Koma munthu womwalira kumudzi, maliro ake amadziwika kwa nyakwawa, ku mpingo ndi kwa adzukulu okumba manda, pamene faelo yake ku kiliniki imangokhala osatsekedwa. Akuluakulu okonza mapulani akadalira mabuku okha, angaganize kuti zonse zili bwino ndi kuleka kufunafuna cimene cikupha anthu amene ali kale pa mankhwala.

Pali misampha inanso imene wofufuza wanzeru amaicenjerera. Ciwerengero ca odwala malungo cikakwera pa kiliniki ina, mwina udzudzu waculuka, koma mwinanso kwangofika zida zopimira zimene kale kunalibe, kapena mlatho wakonzedwa ndipo anthu a tsidya lina ayamba kufika. Ndiponso zinthu ziwiri zikamayendera limodzi m'mabuku sindiye kuti cimodzi ndico cikubala cinzake. Cipatala cacikulu cimalemba imfa zambiri kuposa kiliniki ya kumudzi cifukwa cakuti odwala okaikitsa onse amatumizidwa kumeneko, osati cifukwa cakuti anchito ake ngosasamala. Motero wofufuza ayenera kuyamba wadziwa amene analemba, cimene analembera, ndi amene sanalembedwe konse.

KUMENE MABUKU AMALUMIKIZANA

Maiko amene apita patsogolo pa nchito imeneyi ndi aja amene munthu aliyense ali ndi nambala imodzi imene imamtsata kulikonse. Ku Denmark, kuyambira mu 1968, nzika iliyonse imapatsidwa nambala yake, ndipo ndiyo imalembedwa m'buku la katemera, la cipatala ndi la imfa. Mu 1998 dotolo wina wa ku Britain anafalitsa nkhani yocokera pa ana 12 cabe, imene inacititsa makolo ambiri kuopa kuti katemera wa cikuku wochedwa MMR amabweretsa bvuto la ubongo lochedwa autism. Nkhaniyo inadzapezeka kuti inali yacinyengo ndipo magazini imene inaisindikiza inaicotsa mu 2010, koma mantha anatsala.

Ofufuza a ku Denmark analumikiza mabuku ao ndi kutsata ana oposa 650,000 obadwa pakati pa 1999 ndi 2010. Mu 2019 analengeza kuti ana olandira katemerayo sanapezeke ndi bvutolo kuposa ana osalandira. Kafukufuku wa ana oculuka motere sakanatheka mwa njira ina iliyonse, pakuti palibe amene angabvomereze kumana ana katemera dala kuti aone cimene cidzacitike. Anatheka cifukwa cakuti mwana aliyense analembedwa kamodzi, ndi nambala imodzi, m'mabuku onse.

Apa ndipo pamene pamaoneka kuipa kwa mcitidwe wotsegula khadi yatsopano pa kiliniki iliyonse, kapena wopereka dzina lina poopa kudziwika. Munthu mmodzi amasanduka anthu awiri kapena atatu m'mabuku: ku kiliniki yoyamba amawerengedwa wosowa, ku yaciwiri amawerengedwa wodwala watsopano. Oitanitsa mankhwala amasokonezeka, ndipo wodwalayo mwini amataya mbiri yake ya mankhwala amene anamuyanja ndi amene anamubvuta.

NANGA CINSINSI CA WODWALA?

Anthu ambiri akamva kuti mafaelo ao amawerengedwa ndi ofufuza amada nkhawa, ndipo nkhawa imeneyi njoyenera. Matenda a munthu akadziwika pa mudzi angathetse ukwati kapena nchito. Ncifukwa cake pali malamulo. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la National Health Research Act, limene linabala bungwe la National Health Research Authority loyang'anira kafukufuku wa za umoyo m'dziko. Wofuna kufufuza ayenera kupereka mapulani ake ku komiti yoona ngati nchitoyo ikulemekeza anthu, monga imene ili pa University of Zambia, ndi kulandira cilolezo asanayambe. Mu 2021 panabweranso lamulo la Data Protection Act, limene limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kusungidwa mosamala kwambiri.

Kawirikawiri wofufuza sapatsidwa maina, manambala a reji kapena a foni. Amangoona kuti wodwala nambala yakutiyakuti ndi mai wa zaka zakuti, anayamba mankhwala mwezi wakuti. Mu kafukufuku wa m'makomo uja, ngakhale malo a midzi amasunthidwa dala pa mapu, mpaka makilomita awiri m'tauni ndi asanu kumidzi, ndipo midzi ina yowerengeka mpaka khumi, kuti wina asathe kulondola khomo limene linayankha. Komabe kucotsa dzina sikuteteza nthawi zonse. Pa mudzi waung'ono, kunena kuti mai wa zaka 45 wobereka mapasa mwezi wakuti nkumuchula kale. Ofufuza osamala saonetsa magulu a anthu ocepa kwambiri pa cifukwa cimeneci. Wodwala aliyense ali ndi ufulu wofunsa acipatala kuti zolemba zake zimasungidwa motani ndiponso amaziona ndani.

UDINDO ULI PA ONSE

Kumayambiriro kwa 2025 boma la America linaleka kupereka ndalama ku nchito zambiri za bungwe la USAID, kuphatikizapo pulogalamu imene kwa zaka pafupifupi 40 inali kuthandiza maiko, Zambia pamodzi, kucita kafukufuku wa m'makomo uja. Zimenezi zinakumbutsa maiko olandira thandizo kuti ndalama za alendo zingathe tsiku lililonse, pamene mabuku a m'makiliniki amalembedwa tsiku ndi tsiku ndi anchito a Boma ndipo ndi cuma ca dziko lenileni. Mtengo wake udalira m'mene alembedwera.

Wodwala angathandize popereka dzina lake lenileni ndi zaka zoona, posunga khadi yake pamalo osafika madzi ndi makoswe, ndi poinyamula paulendo uliwonse wa ku cipatala. Wosamuka, kaya kupita ku Lusaka, ku migodi kapena kutsidya kwa malire ku Malawi ndi ku Mozambique, ayenera kupempha kalata yosamukira kuti kumene akupita apitirize faelo yomweyo. Amai asunge makhadi a ku sikelo ngakhale mwana atakula, pakuti ofunsa mafunso akafika pakhomo amadalira khadi kuposa kukumbukira.

Banja limene lataya mbale wao amene anali kulandira mankhwala a nthawi yaitali, monga a kadoyo ka HIV, cifuwa cacikulu, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, licita bwino kutuma munthu ku kiliniki maliro akatha kuti akanene. Anyakwawa ndi makomiti a za umoyo a m'midzi angathandize polemba obadwa ndi omwalira m'midzi yao ndi kulimbikitsa mabanja kukalembetsa ku Boma.

Anchito a m'zipatala, amene nthawi zambiri amakhala awiri kapena atatu pa mzere wa anthu oposa zana, amafunika mabuku okwanira, magetsi odalirika a makompyuta ndi akalaliki owathandiza. Amafunikanso kuuzidwa zimene zapezeka m'ziwerengero zimene amatumiza mwezi ndi mwezi. Nesi amene waona kuti lipoti lake linathandiza kubweretsa mzamba kapena ambulansi pa kiliniki yake sadzasiya mzere wopanda kanthu m'buku, ndipo ofesi ya pa boma imene imabweza mau ku makiliniki ake imalandira malipoti oona.